Kolamu Imene Inayankhira Aliyense

Mutu 6

1. Lamulo latsopano

Kwathu kuno ku Rarotonga mukafunsa munthu ngati amadziwa kusambira, amakuyang'anani ngati mwamutukwana. Funso limenelo timafunsa alendo otsika ndege. Mwana wobadwira pachilumba sitimufunsa, ndipo ndinene mosabisa kuti matama amenewa tili nawo tonse, akulu ndi ana omwe.

N'chifukwa chake lamulo latsopano la okonza mpikisano wa mabwato linatipsetsa mtima. Linkati wachinyamata aliyense wofuna kupalasa kunja kwa mpanda wa miyala umene unazinga chilumba chathu ayambe wayesedwa kusambira pamadzi akuya. Wolephera azipalasa mkati mwa mpandawo, pamadzi osaya pamene munthu amaponda pansi. Bungwe lililonse la opalasa lizisunga zotsatira zake m'kompyuta.

Bungwe lathu linali ndi detabesi yake kale. Anaimanga ndi Mama Tutai, amene anagwira ntchito ya madetabesi zaka zambiri kunja, mumzinda wa Wellington, asanabwerere kuno kudzapuma. Mkati mwake munali matebulo angapo olumikizana, lina la mabwato, lina la magulu, lina la opalasa. M'tebulo la opalasa munthu aliyense anali ndi mzere wake. Makolamu, ndiye kuti mizere yotsika, ankasunga dzina, chaka chobadwa, mudzi ndi foni ya kholo. Za kusambira munalibe, chifukwa panalibe amene anaganizapo kuti zingafunike.

Moeroa anali m'chaka chomaliza kusekondale, mtsikana wamtali wopalasa m'gulu la atsikana. Kuyambira chaka chatha Mama Tutai ankamuphunzitsa za detabesi muofesi ya bungwe, kachipinda kamalata kuseri kwa holo m'tauni ya Avarua, kamene nkhuku zimalowamo ngati nazonso ndi mamembala. Anali wamutu wakuthwa mwanayu. Vuto linali lakuti mwiniwake ankadziwa zimenezo.

Sabata imeneyo Mama Tutai ankapita kuchilumba china cha Atiu kumwambo wometa tsitsi mdzukulu wawo. Asananyamuke anaitana Moeroa, namupatsa mawu achinsinsi otsegulira detabesi yonse, amene anali asanapatsepo munthu. Kenako anavula magalasi n'kumukhazika pansi.

"Tamvera, mwanangu. Kulemba dzina latsopano m'tebulo n'kosavuta, ndipo ukalakwitsa walakwira munthu mmodzi. Koma ntchito ndikukusiyirayi ndi yosintha tebulo lenilenilo. Ukawonjezera kolamu umakhudza mzere uliwonse nthawi imodzi, wa munthu amene ukumudziwa ndi wa amene sunamuonepo n'komwe. Ndiye uyambe wakopera tebulo lonse pambali. Ukatero uwonjezere kolamu ya kusambira, koma uisiye yopanda kanthu. Pali njira youzira kompyuta yankho loikiratu, loti lilowe lokha m'mizere yonse. Imeneyo usaikhudze. Malo opanda kanthu si ulesi ayi. Akunena zoona, akuti sitikudziwa. Anthufe timachita manyazi kulemba kuti sitikudziwa, timafuna tebulo lodzaza looneka bwino. Ndinagwirapo ntchito ndi anthu amene ankadzaza matebulo ndi zongoganizira, mwezi usanathe eniakewo n'kuyamba kuzikhulupirira. Munthu akamanama umamuona m'maso. Tebulo lilibe maso, aliyense amangolikhulupirira. Wandimva?"

Moeroa anati wamva. Anayankha mwaulemu ndithu, koma zala zake zinali kale pakompyuta kuyesa mawu achinsinsi aja.

2. Papa Nooroa sakufuna zotaya nthawi

Poyamba anachita zonse monga anauzidwira. Lachiwiri ataweruka kusukulu anakopera tebulo pambali, kenako analemba lamulo la ALTER TABLE, limene limasintha kamangidwe ka tebulo lomwe lilipo kale. Kolamu yatsopano inaoneka kumapeto, yoyera kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Akutseka mawindo kuti azipita, kunja kunaima njinga yamoto ya Papa Nooroa, mphunzitsi wa opalasa. Anali chimunthu cha chifuwa chachikulu, mawu awo omveka kutsidya la msewu ngakhale akunong'ona. Anabwera kudzaona chinthu chatsopanochi, ndipo Moeroa anawaonetsa monyadira.

Papa Nooroa anafunsa chifukwa chimene kolamuyo inalili mbee. Moeroa anafotokoza kuti malo alionse opanda kanthu ndi mwana amene ayenera kuyesedwa. Iwo anayendetsa chala pagalasi la kompyuta kutsika nacho, mayina osatha, nkhope ikumka ichita makwinya.

"Iwe Moeroa, ukufuna ndizikoka ana onsewa kupita nawo kunja kukawaonerera akusambira? Ana amene ndinawaona akudumpha padoko asanayambe n'sukulu yomwe? Mpikisano wayandikira. Anyamata anga mafunde sanawazolowere, ndipo masiku a nyanja yabwino mwezi uno ndi owerengeka. Tsiku lililonse limene ndikayese munthu kusambira ndi tsiku limene anzathu a magulu ena akupalasa. Ana ndikuwakayikira ndikuwadziwa, ndi tiana tangolowa chaka chino ndi ana a aphunzitsi achilendo aja. Amenewo ndiwayesa, wolephera timusinthira kuti ayi. Ena onsewa lemba kuti inde. Mama Tutai ndimawalemekeza, koma anakhalitsa ku Wellington, kumene anthu amasambira m'bafa."

Musawaone ngati munthu woipa Papa Nooroa. Ana ankawakonda, ndipo iwo akanatha kudumphira m'madzi chifukwa cha mwana aliyense wa m'bungwemo. Anangonena zimene aliyense wa ife akananena atakhala pamalo pawo.

Moeroa anayesa kunena kuti Mama Tutai analetsa. Papa Nooroa sanatsutse. Anangofunsa mwachifundo ngati ntchitoyo yamukulira, ndipo anati ngati ndi choncho palibe vuto, adikira mwiniwake wa kompyuta abwere.

Pamenepo ndiye anamugwira pabwino. Moeroa akanalola kutukwanidwa kusiyana ndi kuuzidwa kuti kanthu kamukanika. Anakoka mpando, nagwetsa kolamu yopanda kanthu ija, n'kuiwonjezeranso ndi yankho loikiratu lakuti inde. Anadina batani. Munthu asanameze n'malovu omwe, kolamu yonse inadzaza: inde, inde, inde, mpaka dzina lomaliza.

Papa Nooroa anaseka mpaka nkhuku zinathawa pakhomo. Anati mwana ameneyu wagwira m'kanthawi kochepa ntchito ya sabata yathunthu, ndipo anamugulira madonasi pagolosale yapafupi. Moeroa anapita kwawo akumva kukoma. Kunena zoona tebulolo linkaoneka bwino.

Masiku otsatira Papa Nooroa ndi owathandiza anayesadi ana amene ankawakayikira. Ochepa analephera ndipo analembedwa kuti ayi. Gulu la atsikana, la Moeroa lomwe, linadzipereka lokha kuyesedwa Lachinayi, mvula ikugwa, ndipo onse anatuluka m'madzi milomo ili gwagwagwa koma atapambana. Wothandiza aliyense ankangolowetsa zotsatira pafoni yake, inde pamwamba pa inde. Palibe analemba pena paliponse kuti wayesa ndani.

3. Msuweni wa ku Melbourne

Loweruka m'mawa Moeroa anali kumsika wa Avarua kuthandiza mayi ake kugulitsa nsomba yaiwisi yothira mandimu ndi mkaka wa kokonati. Makasitomala atachepa, anafika Kimiora, mwana wa amalume ake.

Kimiora anabadwira konkuno, koma makolo ake anapita naye kunja, kumzinda wa Melbourne, akuyamwa. Chaka chino anamubweza kuti adzakhale kwa azakhali ake, aphunzire chilankhulo ndi kudziwa abale. Miyezi yoyamba inamuwawa. Anyamata ankamuseka kalankhulidwe ndipo anamupatsa dzina lakuti Kangaru, nyama yodumphadumpha ya dziko limene anakulira. Koma anali wamphamvu, nkhafi ankaikoka molimba, mpaka Papa Nooroa anamupatsa mpando m'vaka ya anyamata, bwato lathu lija lopyapyala lokhala ndi mtengo woyandama m'mbali. Kuyambira pamenepo anayamba kumwetulira pakhomo.

Anamukokera Moeroa kuseri kwa matenti, kumene kunalibe anthu.

"Msuweni, ndiwe munthu iwe. Lero sankha chilichonse mumsika muno, ndikugulira."

"Wadwala kodi? Unayamba liti kugulira anthu zinthu, iwe womana ngakhale chingamu?"

"Usadzibise. Ndaona pafoni ya Papa Nooroa, dzina langa lili ndi inde. Ndinangodziwiratu kuti wandikonzera ndiwe."

Moeroa anaseka n'kumuuza kuti asadzimve, inde ameneyo ali ndi aliyense. Kimiora sanaseke nawo. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Moe, ine kusambira sindidziwa."

Moeroa anadikira kuti mwina ndi nthabwala za pachisuweni. Sizinali nthabwala. Kimiora anafotokoza kuti ku Melbourne ankalowa m'dziwe losambiramo la kusukulu, koma ankangokhala kufupi ndi khoma. Mapazi akangosiya kukhudza pansi, miyendo imauma ndipo mpweya umamuthera. Kuno bwato linawagubuduzapo kangapo, koma munali mkati mwa mpanda, ndiye ankangoimirira n'kumaseka ndi anzake. Chifikireni palibe anamufunsapo. Aliyense ankadziwa kuti anabadwira pachilumba, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Ananenanso kuti lamulo la mayeso litabwera anasiya kudya bwino, ankaganiza zonamizira mwendo. Ataona inde uja anamva ngati amutula katundu.

"Usauze munthu, chonde. Anyamata aja angoyamba kumene kunditchula dzina langa lenileni. Akamva zimenezi ndikhala Kangaru mpaka kufa. Lolemba tikupita kunja koyamba, ine ndikangogwira bwato zolimba basi. Silikagubuduka."

"Limagubuduka," anatero Moeroa. "Kunja kuja limagubuduka ndi aliyense, ngakhale ndi Papa Nooroa."

Kimiora anati ndiye akagwira mtengo wa m'mbali uja. Anamupemphanso, maso atafiira, kuti alonjeze. Moeroa anangoti wamva, ndipo mnyamatayo anatenga mawuwo ngati lonjezo. Anachoka akuimba mluzu, n'kuiwalanso zogula zija.

Moeroa anabwerera patebulo la nsomba, koma ankapatsa anthu mbale zolakwika mpaka mayi ake anamufunsa ngati mutu uli bwino. Anati ali ndi ntchito kuofesi ya bungwe. Anachita mantha mwanayu, ndipo mantha ake anali oyenera.

4. Foni ya ku Atiu

Anafika kuofesi dzuwa lisanafike pamutu. Choyamba anaganiza zokonza chimene anaononga. Analemba lamulo lochotsa yankho loikiratu lija, kompyuta n'kuvomera. Atatsegula tebulo anapeza ma inde onse ali pomwepo, palibe ngakhale mmodzi wasuntha.

Kenako anapita pamzere wa Kimiora. Kusintha inde kukhala ayi inali ntchito yosafuna n'kuganiza komwe. Analemba lamulolo koma sanadine batani. Kimiora anali asanayesedwe ndi munthu, ndiye aliyense akanafunsa kuti ayi ameneyu wachokera kuti, ndipo yankho likanakhala limodzi lokha.

Anatenga foni n'kuimbira Mama Tutai. Kumbuyo kwawo kunkamveka ng'oma ndi amayi akuimba. Moeroa anafotokoza zonse, za Papa Nooroa, za yankho loikiratu, ndiponso kuti pali mwana mmodzi amene wamuuza kuti sadziwa kusambira. Dzina sanatchule, ndipo Mama Tutai sanafunse. Anamuuza kuti adikire achoke paphokoso.

"Kukukalipira ndidzakukalipira ndikabwera, pafoni sizikoma. Pano timve za ntchito. Wachotsa yankho loikiratu, chabwino, koma zimenezo zithandiza amene adzalembedwe mawa. Amene analembedwa kale akhala momwemo. Tsopano tandiuza, pa ma inde onsewo, a ana amene anasambiradi ndi ati, a iwe ndi ati?"

Moeroa anayang'ana kolamu ija. Onse ankafanana. Anati a gulu lake akuwadziwa, enawo sangathe kusiyanitsa.

"Ndi pamenepo. Wathira madzi amchere m'thanki ya madzi akumwa, sungawapatulenso ndi supuni. Ukuti ukudziwa mwana mmodzi. Ukumudziwa chifukwa wabwera yekha kudzakuuza. Nanga amene alibe womuuza? Ana angati abwera chaka chino kuchokera ku Auckland, ku Sydney, mayina awo ndi athuathu, nkhope ndi zathu, ndiye palibe akuwakayikira? Ukasintha mzere wa mmodziyo, mwanayo wamuika pambalambanda, kulakwa kwako wakubisa, ndipo ena onse atsala ndi bodza lako. Njira ina ndi yogwetsa kolamu yonse n'kuiyambanso yopanda kanthu. Ndisakunamize, njira imeneyo ndi yowawa. Zotsatira zenizeni zipita limodzi ndi zabodza. Anzako amene anasambira pamvula abwereranso m'madzi ndipo sakuthokoza. Nooroa akalipa mpaka ndimumve kuno ku Atiu. Aliyense adziwa kuti unalakwitsa ndiwe, chifukwa mawu achinsinsi ndinapatsa iwe wekha. Ine sindikusankhira. Koma kumbukira kuti pamene ukuganiza, tebulo silikudikira. Aliyense amene akulitsegula panopa likumuuza kuti inde."

Wina anawaitana kuti nthawi yawo yometa mdzukulu uja yakwana. Anati akuyenera kupita, foni n'kuduka.

5. Kugwetsa kolamu

Ndikanakonda kulemba kuti Moeroa anasankha nthawi yomweyo. Sanatero, ndipo zimandipsetsa mtima mpaka lero. Ankadziwa kuti anyamata apita kunja Lolemba, choncho ankaona ngati nthawi ilipo yambiri.

Anasesa muofesi, mmene simunasesedwepo chiyambire chaka. Anathamangitsa nkhuku, zinabwereranso. Anatsegula foni n'kuona zithunzi za Lachinayi, atsikana anzake atakumbatirana ali chinyowere, iye ali pakati. Anatuluka kukagula madzi a kokonati, n'kuwamwa pang'onopang'ono atakhala pakhonde la holo. Dzuwa linadutsa pamutu n'kuyamba kupendeka.

Atabwerera pampando anayamba kuwerenga mayina kuchokera pamwamba, limodzi ndi limodzi, chinthu chimene sanachite Lachiwiri lija. Ambiri ankawadziwa. Koma panali ena amene sanathe kukumbukira nkhope zawo, ndipo aliyense wa iwo anali ndi inde amene anamupatsa iyeyo.

Anafufuta lamulo lija lokhudza Kimiora yekha. Anakopera tebulo pambali monga anaphunzitsidwira. Analemba lamulo logwetsa kolamu ya kusambira, naliwerenga kawiri, n'kudina. Kolamu inazimiririka ndi zonse zinali m'menemo. Anaiwonjezeranso yopanda kanthu, ndipo pambali pake anaika ina yatsopano yolembamo dzina la munthu amene wayesa mwanayo, kuti inde aliyense azikhala ndi mwiniwake. Amene analephera mayeso anawatenga m'tebulo lokopera lija n'kuwabwezera ayi wawo, chifukwa ameneyo yekha ndi amene sanachokere kwa iye.

Kenako analemba uthenga kwa a bungwe onse. Sanazungulire. Anati ma inde onse anawaika ndi iye popanda kuyesa munthu, wawachotsa, ndipo aliyense ayenera kuyesedwa asanapite kunja, ngakhale amene anayesedwa kale. Uthenga usanazizire n'komwe, mayankho a atsikana anzake anayamba kulowa. Anawerenga loyamba lokha, n'kuika foni m'thumba.

Moeroa anaona kuti Papa Nooroa ndi bwino akawauze pamaso. Anawaimbira kuti adziwe kumene ali, foni inangolira osayankhidwa. Anatseka ofesi, nakwera njinga yamoto ya mayi ake, n'kulunjika ku Avana kumene mabwato athu amakhala. M'njira monse ankakonza mawu oti akanene akayamba kukalipiridwa.

6. Ku Avana

Atafika anaona kaye udzu. Pamene mabwato amagona panali mizere yotuwa yokha, mabwatowo palibe. Pamchenga panali mulu wa masilipasi ndi zikwama za anyamata.

Pansi pa mitengo panali amayi angapo atayala mikeka, ena akuluka nkhata za maluwa. Anali amayi a anyamata a m'gulumo. Moeroa anawapatsa moni n'kufunsa kumene kuli Papa Nooroa. Mmodzi analoza kunyanja ndi singano yolukira. Anati pawailesi anena kuti Lolemba kukhala mphepo yoipa, ndiye Papa Nooroa asintha, aganiza zopita nawo kunja lero lomwe. Anati masana anatsegula foni yawo pomwepo, anaona kuti onse ali ndi inde, n'kuwauza kuti anyamule mabwato.

Masana amenewo ndi amene Moeroa ankasesa muofesi. Anazindikira yekha, panalibe chifukwa choti wina amuuze.

Anafunsa ngati anyamatawo avala majekete oyandamitsa. Amayiwo anaseka. Anati majekete ali pansi pa mipando monga mwa masiku onse, ana athuwa amati amatentha ndipo amasokoneza popalasa.

Moeroa anathamangira m'mphepete mwa madzi. Mabwato anali atadutsa kale pampata wa mpanda, akuoneka ngati timitengo pamwamba pa mafunde. Kufuula kukanakhala kutaya mawu.

Chapafupi panali a Teariki, msodzi wa pamudzipo, akutsuka bwato lawo la injini. Moeroa anawapempha kuti amuperekeze kunja msanga, akufuna Papa Nooroa. A Teariki sanadzutse n'mutu womwe. Anati angobwera kumene, nsomba zikuwadikira, ndipo ngati ndi uthenga wa chibwenzi kwa mnyamata wina m'mabwatomo udikire abwerere. Amayi aja anaseka, ndipo ena anasendera kuti amve bwino.

Moeroa anati ndi nkhani yofunika kwambiri. A Teariki anati nkhani zonse za atsikana ndi zofunika kwambiri, ndipo sangadzutse injini popanda kumva chifukwa.

Anayang'ana amayiwo. Panali mayi wa mnyamata amene anayambitsa dzina la Kangaru, ndi ena amene nkhani ikawafika m'mawa, madzulo imakhala itazungulira chilumba chonse. Kolamu yonse ija anaigwetsa kuti mwa zina asatchule dzina la msuweni wake. Tsopano panalibenso njira ina.

"Kimiora sadziwa kusambira. Amene ndinalemba kuti amadziwa ndine. Sanayesedwe, ndipo mwina si iye yekha."

Mayi wina anayamba kuseka, n'kusiyira panjira. Wina anaika nkhata yake pansi n'kuimirira, akufunsa kuti si iye yekha ndiye kuti chiyani, popeza mwana wa mchemwali wake wa ku Auckland nayenso ali momwemo.

A Teariki anataya chidebe. Anakankhira bwato m'madzi, nauza Moeroa kuti akwere kutsogolo ndipo agwire chingwe zolimba. Injini inakana kaye, kenako inalira.

Atayandikira pampata, madzi anasintha mtundu, bwato n'kuyamba kudumpha. A Teariki anaimirira, dzanja limodzi pa injini, lina atatchinga nalo dzuwa. Anafunsa kuti mnyamatayo amapalasa m'bwato la mtundu wanji. Moeroa anati lofiira.

Mabwato achikasu ankaoneka bwinobwino, koma anali atasiya kupalasa, onse atakhotera malo amodzi. Lofiira silinkaoneka.